Loya amene tidamuphera tambala

— Halo? Achemwali a Kezia? Mukundimva?

— Ndikukumva, Luntha. Ndaona wakhala ukufulasha. Kwagwanji?

— Palibe, mayunitsi basi. Mwaswera bwanji ku Lilongweko?

— Ndaswera bwino, kaya inu ku Bolero? Mwendo wa amama uja?

— Ukupola. Akuti yewo chomene mankhwala aja. Alamu ali bwanji? Kamwana kayamba kuyenda?

— Kakukwawa. Adada?

— Adada ndiye lero akungoimba nyimbo za kwaya. Koma imani kaye, mwamva za Diana ndi wakabaza wa ku Njakwa uja? Akuti adawapeza...

— Luntha, ndili pa ntchito, odwala akundidikira.

— Chabwino, chabwino. Nkhani ndi ya Jimmy. Watha ameneyo! Mawa kukhoti, ine mboni.

— Mlandu wotentha chigafa cha adada uja?

— Womwewo. Fodya wathu yense phulusa, iye n'kumayenda pa msika ati ali pa belo, kumadya chipisi, kumandiyang'ana ngati ndine galu. Ndikufuna akaole, achemwali. Nsikidzi zimudye. Adzatuluke ali ndi imvi, mano onse atagweluka.

— Iwe, pakamwa pako!

— Mudakaona adada akufukula phulusa ndi manja, simukadatero. Koma pano boma latitumizira loya.

— Boma latani? Netiweki yadula.

— Dikirani ndikwere pachulu. Pano? Ndati loya! Adabwera dzulo pa galimoto yoyera, mzimayi, mawigi ake eee, nsapato zikumira m'mchenga. Adada adamuphera tambala wamkulu uja. Iye ankakana, koma mukuwadziwa amama, mlendo sachoka pakhomo pathu ndi njala.

— Adati wachokera kuti?

— Ku Ligo Edi.

— Mayo ine. Luntha, adanena kuti akuimira ndani?

— Adati Jimmy. Adachita kubwereza, ati ngati sindikufuna kuyankhula ndisayankhule. Adada adangoseka. Akuti ndi mayankhulidwe a anthu ophunzira amenewo. Boma lomwe lidamugwira lingamutetezenso? Ndiponso Jimmy alibe ndi mbuzi yomwe, loya angamutenge kuti?

— Ndiye ntchito yawo imeneyo! Masiku ano wosauka akagwidwa, boma limamupatsa loya waulere. Ameneyo ndi wa Jimmy. Wa inu ndi wapolisi wozenga mlandu.

— Aaa, ayi.

— Udamuuza chiyani?

— Tidangocheza. Amamvetsera bwino, achemwali, osati ngati inu. Ndidamuuza za Diana, za...

— Za moto, Luntha!

— Ndidati ndinkachokera kumjigo chakumadzulo, ndidaona utsi, ndidaona munthu akuthamangira m'chimanga atavala jekete lofiira.

— Nkhope?

— Adali atandifulatira.

— Nanga udadziwa bwanji kuti ndi Jimmy?

— Diana adandiuza. Ndipo aliyense akudziwa kuti adalumbira pamaliro paja kuti adada adzaona, chifukwa cha malire a munda.

— Zimenezi udamuuzanso?

— Zonse. Adandifunsanso ngati jekete lofiira ali nalo Jimmy yekha, ine n'kumuwerengera anyamata onse a timu ya mpira. Mayo! Achemwali!

— Waona?

— Mfiti! Adadya chiwindi cha tambala wathu, akumwetulira!

— Sadakunamizeni. Adanena, inu simudamve.

— Ndiye mawa ndikanena kuti ndidamuona nkhope. Maso, mphuno, chipsera chake chija, machesi ali m'manja. Akaole basi!

— Ukagwira Baibulo, iwe. Ndipo mayiyo akaimirira n'kukufunsa zimene udanena dzulo, pamaso pa adada ndi amama. Ukanama, wolowa m'selo ndiwe.

— Ndiye Jimmy angotuluka? Azidzadutsa pakhomo pathu akuimba mluzu?

— Mwina pali umboni wina. Apolisi ndiwo akudziwa.

— Palibe! Mboni ndine ndekha. Adada auza mpingo wonse kuti mwana wawo akamumangitsa. Andigulira ndi nsapato zoti ndikavale.

— Ukanene zimene udaona.

— Ndidaona jekete!

— Ukanene jekete.

— Jekete angalimange? Achemwali, ndi iyeyo, mtima wanga ukudziwa. Ndikadakhala mwamuna ndikadapita kwawo ndi petulo.

— Usayerekeze kunena zimenezo pamaso pa Hezron. Mchimwene wako ukumudziwa mutu wake, titha kukhala ndi milandu iwiri. Ndipo adada auzidwe lero, asakamvere kukhoti.

— Muwauze ndinu.

— Udayankhula ndiwe.

— Chonde. Akubwera kuno, andiona pachulu. Anyamula thumba la mtedza, akuti akamupatse loya mawa. Akufunsa ngati ndi inu. Akufuna foni!

— Apatse.

— Achemwali, muyambe ndi moni wautali, ine ndifike kaye kwa anti. Adada, nayi, ndi a Kezia.

— Luntha, usathawe! Luntha! Halo? Ee, adada... muli uli? Tayambani mwatula thumbalo pansi.