Nsapato za Mpongozi Wanga

M'chipinda chodikirira basi, mayi wina sankaphethira n'komwe, maso ali pa TV yoonetsa mpikisano wa ragibi ya amayi wa mayiko osiyanasiyana. Bambo amene anakhala naye pabenchi anatsonya.

"Akazi akuluakulu kumagwetsana ngati ng'ombe! Angawakwatire ndani amenewa?"

"Wamanga bandeji kumutuyo ali pabanja. Ndi mpongozi wanga."

"Ha! Mwana wanuyo n'kumuloleza?"

"Ali kunyumba, akuchapa matewera."

"Pepanitu mayi, anamudyetsa mankhwala ameneyo."

"Mukupepesa chiyani? Inetu ndinkathamanga osati masewera. Nditangokwatiwa, apongozi anga anandiwotchera nsapato zothamangira. Zimene wavala mpongozi wangayo ndinamugulira ndine."

"Basi yathu ikunyamukatu."

"Ipite! Simukuona kuti mpira uli m'manja mwake?"