Ndinaiwala nkhope ya a Nabanda

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ambiri mumandidziwa ngati mlimi wa fodya wa ku Wimbe, amene pa chilimwe amalemba zikwangwani za magolosale. Koma chimene chinkandidya sindinakuuzenipo.

Tinali bwino ndi akazi anga, a Nabanda. Iwo akusoka fodya, ine ndikupachika m'chigafa, pakamwa pawo osapuma. Kenaka moto wa osaka mbewa unalowa m'chigafamo, n'kudumphira pa denga la nyumba. Zithunzi zonse zinapsa, ndi foni yomwe. Dzinja lotsatira a Nabanda anadwala mutu, sabata isanathe tinawaika m'manda.

Anthu anati ndilimbe mtima, ndinalimba. Koma tsiku lina ndili kudimba ndinatseka maso kuti ndiwaone. Duku ndinaliona. Chitenje ndinachiona. Nkhope panalibe. Abale, nkhope ya munthu amene ndinakalamba naye! Ndinaona ngati ndawaikanso m'manda kachiwiri, tsopano ndekha.

Ndinapita kwa bambo mfumu okalamba a ku parishi kwathu, amene anaphunzira kujambula ndi penti wa mafuta. Ndinati, "Bambo, ndiphunzitseni, ndijambule akazi anga asanathereretu."

Iwo anandipatsa pepala la chithunzi chakale cha ku Ulaya, cha mayi wovala duku, akuyang'ana cham'mbali. Anati, "Yambani mwatengera ichi. Anachijambula katswiri, makolo a makolo athu asanabadwe."

"Bambo, mzunguyu ndi ndani wanga?"

"Si m'bale wanu, koma akuphunzitsani pamene pamakhala mthunzi pa nkhope ya munthu."

Anandipatsa chinsalu, mabulashi, penti ndi kabotolo ka mafuta osungunulira pentiyo. Ndinayamba ndi malo akuda monga anandiuzira, kuwala pambuyo. Mafuta aja atatha ndinati mafuta ndi mafuta, n'kutapa ophikira. Kufunsa ndinachita manyazi, paja ndine wa zikwangwani.

Penti uja sanaume. Fodya anauma m'chigafa chatsopano, tinamanga mabelo, chithunzi chili chinyowere. Fumbi linamata, ntchentche zinafera pomwepo. Nditati ndipukute, nkhope yonse inatsata nsanza. Ndinakhala pansi n'kulira kuposa pa maliro paja. Ndinati Mulungu, ngakhale ya mlendo mwandikaniza, nanga ya a Nabanda?

Bambo mfumu atanunkhiza chinsalu anaseka mpaka kutsokomola. "Awa ndi okazingira zitumbuwa, sauma. Kufunsa ndi kudziwa njira, achimwene." Anandipatsa chinsalu china ndi mafuta oyenera.

Ndinayambiranso, mtima uli zii. Kupaka, kudikira, kupakanso. Zonse zinayenda, koma mlomo unkakana. Wa mzungu uja ndi wowongoka, wanga unkapindikira kumanzere. Ndifufute, ubwerere pomwepo. Bambo mfumu anati ndikuthamanga, ndiyang'anitsitse.

Tsiku lina kunabwera alamu anga, ang'ono awo a malemu, kudzabwereka sefa. Ataona chithunzicho anaima pakhomo, dzanja pakamwa.

"Alamu, achemwali mwawatenga kuti?"

Ndinati ameneyo ndi mzungu wa bambo mfumu.

"Mzungu ndi mphunoyo. Mlomowu ndi wa achemwali, akafuna kukukalipirani koma kuseka kukuwapeza."

Ndinayang'ana. Analidi iwo. Chimene mutu unataya, dzanjali linasunga, ine n'kumalifufuta. Tinalira awiri pakhomo pomwepo.

Ndikuthokoza Mulungu, abale, chifukwa sanandilande zonse. Fodya ndikulimabe. Masana dzuwa likapendeka ndimakhala pakhonde ndi chinsalu china, cha a Nabanda enieni. Mlomo ulipo. Chipumi chinabwera mwezi wathawu, ndi kachipsera ka nkhuni pa tsaya. Pamene pali maso mpaka lero ndi pakuda. Ndayesa a mzungu uja, ndayesa a alamu anga, si amenewo.

Choncho musandiombere m'manja kwambiri. Mundipempherere, kuti ndisanatseke angawa, a Nabanda andiyang'anenso kamodzi. Ameni.