Chifukwa Chake Agogo Anu Sathira Mchere

Nkhondo yaikulu ya azungu itangotha, ine n'kuti ndili ku Bindura, ndipo kunena zoona ndinali nditamanga kale kamtolo kanga kuti ndipite ku Gatooma, poti mapazi angawa sanaphunzirepo kukhala malo amodzi. Inu adzukulu mwakhala mukuseka ndiwo za agogo anu, mlongo wanga Nachisale, ati n'zozizira ngati madzi a mumgolo. Sekani ndithu. Koma khalani pansi, ine ndiimirire, ndikakhala msana umayabwa.

Masiku amenewo kuno ku Aerodrome, dera lathu lino la Bindura, kunalibe nyumba zanuzi. Ife a ku Nyasalandi tinkakhala m'komboni ya mgodi, ndipo Nachisale anali pabanja ndi agogo anu aamuna, a Lifeyo Banda, munthu wamphamvu amene ankakankha ngolo za miyala pansi pa nthaka. Chaka chimenecho alamu angawo anayamba kupuma mwawefuwefu akangokwera kachitunda, kenaka nsapato zinakana kulowa, ndipo ukadina chala pamwendo pankatsala dzenje ngati wadina m'dothi lonyowa. Kugona chagada kunakanika. Ankagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga, akutsokomola.

Tsono mverani. Kwathu munthu akatupa miyendo n'kumatsokomola, akulu ankati ndi mdulo. Ankati mkazi akayenda njira zam'mbali n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, wamudula. Lero mukuona ngati nthano, koma nthawi imeneyo mawu amenewa ankathetsa banja, ndipo mkazi wothamangitsidwa kudziko la eni analibe kolowera, ngakhale ana ankamulanda.

Ndinawaperekeza alamu kuchipatala. Dokotala anali mzungu wowonda, ndipo anaika timipira m'makutu n'kumvera pachifuwa kwa nthawi yaitali, nayang'ana mitsempha ya m'khosi, nadina miyendo. Anafunsa ngati ali mwana anadwalapo nthenda yotupitsa mawondo ndi kutentha thupi. A Lifeyo anavomera. Kudzera mwa womasulira, dokotala anati kachitseko ka mumtima kanaonongeka kuyambira pamenepo, ndipo mtima watopa. Anati, "Mumgodi pampu ikafooka chimachitika n'chiyani?" Alamu anati, "Madzi amakwera, bwana." Iye anati, "Ndi zomwezo m'thupi mwakomu." Anawabaya jekeseni yotulutsa madzi, nawapatsa timapiritsi tolimbitsa mtima, nati ntchito yapansi isiyike. Pomaliza anakweza chala nati, "Mchere aikona, osadya ayi! Mchere umasunga madzi."

Ha! Mawu amenewo anafika kukomboni ife tisanafike. Tinapeza azakhali a alamu, mayi Nangondo, ataima pakhomo manja m'chiuno.

"Mwamva? Ngakhale mzungu wanena za mchere! Iwe Nachisale, tchula dzina la mwamunayo."

Nachisale anati, "Amayi, ine sindikudziwa mwamuna wina."

"Nanga miyendoyi yatupa ndi mapemphero?"

Ine ndinati, "Amayi, dokotala akunena mchere wa m'sitolo, osati dzanja la munthu." Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Inu a Mayendayenda, amene simunakhalepo ndi mkazi mpaka mvula ziwiri, mutiphunzitse za banja?" Anthu anaseka, ndipo alamu anangowerama, mpweya wolankhulira analibe.

Mayi Nangondo anagamula kuti Nachisale achoke mpaka ataulula. Ine ndinali m'bale wake yekhayo m'dziko lino, nkhoswe ndi ine ndemwe, ndipo paja chibale n'fupa, sichiola. Kamtolo ka ku Gatooma ndinakamasula. Ndinamutengera mlongo wanga ku Musana, kwa banja lina la Chishona limene ndinalimirako kale, ndipo iye anayenda njira yonse osalira, akungofunsa kuti, "Achimwene, mapiritsi aja aziwapatsa ndani?"

Mayi Nangondo anatenga mphika. Musawayese mfiti, ayi, mwana wa mchimwene wawo ankamukonda. Koma iwo anati mchere wa dzanja loyera sungapweteke munthu, ndipo ankathira mokwanira, ndi nyama youmika yamchere ija tinkalandira kumgodi, kuti wodwala apeze mphamvu. Ine ndinkangozungulira, Bindura, Musana, Bindura, wosagona tulo. Ndikafika ku Musana, funso lomwe lija. Ndikabwerera kukomboni, miyendo ya alamu yakula. Kutupa kunakwera mpaka m'mimba, milomo inada, ndipo alamu ankalankhula mawu amodzi n'kupuma.

Tsiku lina masana, anthu atadzaza pakhomo kudzazonda, a Lifeyo anandikodola. Anati ndiwatulutse panja. Tinawakhazika pampando, ndipo anavundukula miyendo kuti onse aone.

"Azakhali," anatero, akupumira pakati, "Nachisale ali kuti?"

"Ali ku Musana."

"Akuphika ndani?"

"Ndine."

"Ndiye wandidula ndani? Inu?"

Mayi Nangondo anakhala pansi pafumbi n'kugwira pakamwa. Alamu anatembenukira kwa ine nati, "Alamu, miyendo yanu ija yosakhazikika, lero igwire ntchito. Kanditengereni mkazi wanga."

Sindinayendepo ulendo mothamanga chotero. Titabwerako tinawanyamulanso kupita kuchipatala, anawabayanso, madzi anatuluka, ndipo Nachisale anabwerera pamphika. Mchere anautaya kudzala anthu akuona. Mayi Nangondo sanapepese ndi pakamwa, akulu akale sankatero, koma m'mawa mwake anabwera ndi nkhuku n'kuiika pamapazi pake. Patapita milungu nsapato zinalowanso. A Lifeyo anapatsidwa ntchito yopepuka yapamtunda, ndipo ngakhale mtimawo sunachire, anakhala zaka zokwanira kubereka amayi anu. Mukadakhala kuti inu?

Lero zinthu zasintha. Mukapita kuchipatala amakumangani lamba pamkono, ena amakuonetsani mtima wanu ukugunda pagalasi, mapiritsi alipo amitundumitundu. Koma anthu akadali omwewo, amathamangira kufuna wolakwa asanafune matenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adzukulu anga. Mukaona munthu akutupa mapazi, akulephera kugona chagada, mupite naye msanga akamumvere pachifuwa, ndipo zimene wanena dokotala muzimve zonse, osangotola mawu amodzi okukomerani.

Alamu atamwalira ndinamuuza mlongo wanga kuti, "Achemwali, tsopano thirani mchere, palibenso womuopera." Iye anati, "Lilime linazolowera kudya ndi iwo." Ndiye akakuikirani mbale madzulo ano, kabotolo ka mchere kali pawindo, thirani nokha mwakachetechete. Ine ndikayende pang'ono, miyendo yayamba kale kuyabwa.