Maliro a Pa Tsamba Loyamba

Pa siteji ya basi yoyang'anana ndi nyumba ya kanema mumzinda wa Valparaíso, bambo wina wachikulire anayamba kulankhula ndi mayi wosamudziwa amene ananyamula buku m'khwapa.

"Mayi, buku limenelo katayeni. Analemba ndi mwana wanga Maritza, mwana wopanda ulemu."

"Analakwanji?"

"Aliyense akudziwa kuti wokonza mawotchi wa m'nkhanimo ndine. Ndiye angoyamba n'kundiika m'manda? Anthu asanakhazikike n'komwe pamipando, ine ndili kale m'bokosi!"

"Pamipando? Ndiye kuti mukunena filimu."

"Filimu, buku, n'chimodzimodzi."

"Ayi bambo. Opanga filimu ndi amene anatenga maliro n'kuwaika koyambirira. M'bukumu ali kumapeto kwenikweni. Mkuluyo akumwalira atakalamba, mwana wake atamugwira dzanja."

"Nanga likuyamba bwanji?"

"Bambo akukwera masitepe a kuphiri atanyamula kamtsikana paphewa, chifukwa nsapato za kamwanako zinali zitang'ambika. Ine ndinalira pa tsamba loyamba lomwelo."

"Kunali mvula tsiku limenelo."

"Mvulayo ilimonso. Kodi simunaliwerenge?"

"Anandipatsa ndithu. Likadali m'pulasitiki mwake."

"Musandiuze kuti mwamukalipira kale."

"Dzulo, pamaso pa anzake onse. Ndinalumbira kuti ndawerenga tsamba lililonse."

"Iye anati chiyani?"

"Anangoti, 'Zikomo powerenga, ababa.'"

"Mayo ine! Basi ija yafika, bambo."

"Ipite. Tandibwerekani bukulo, ndione kokha tsamba loyambalo."