Amene Ankawerama Kutsogolo kwa Dontrell

Pa siteshoni ya basi m'tauni ya Lubbock, mkulu wina wovala jezi ya Dontrell Pruitt, woponya mpira pa masewera a mpira wamanja wogundana, amene wangolowa ligi yaikulu, anakoka mkono wa chimunthu chosachidziwa.

"Achimwene, mwana wakwathu uja akuyamba kusewera Lamlungu! Ndamutsata kuyambira ku sekondale, ku koleji, mpaka pano. Dzanja limenelija munaliona?"

"Ku sekondale sindinamuonepo akuponya ngakhale kamodzi."

"Aaa! Munali kuti inu, kumwezi?"

"Tinali timu imodzi, ndinkawerama kutsogolo kwake nditamufulatira, bambo. Zaka zinayi ndine ndinkamupatsira mpira kudzera pakati pa miyendo, kenako n'kumagundana ndi zimphona kuti zisamukhudze. Ndinkangomva anthu akukuwa."

"Inuyo? Ndiye ulendowu ndi wakuti?"

"Dontrell wanditumizira tikiti ya masewera a Lamlunguwo. Akuti ulendo uno ndikhale pampando, ndione."