Nyimbo Yolowera ya Ba Kalumba

Ba Kalumba, owotcherera mageti ku komboni ya George, anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri koma chifuwa chidakali ngati thumba la simenti. Mawa lake ankapikisana komaliza pa mpikisano woonetsa minofu ku Matero, ndipo okonza mpikisanowo analamula kuti aliyense apereke nyimbo yake yolowera isanakwane folo koloko ya tsiku lomwelo, apo ayi adzatukumula minofu holo ili zii. Motero anafika pa kantemba, kashopu ka Chewe ku Lilanda, bambo woika nyimbo m'mafoni, amene ukamuuza kuti adikire pang'ono amafunsa kuti mphindi zingati.

"Nifuna nyimbo ya filimu ija ya kudala tikali banyamata, ya mwamuna wamene auluka," anatero Ba Kalumba.

"Zina yake?"

"Nyimbo yazoona sifuna zina. Ukaimvela chabe, msana uongoka."

"Kompyuta ifuna zina, ba Kalumba. Va msana siiziba."

Chewe anawaikira nyimbo zitatu za mafilimu a ngwazi a masiku ano. Yoyamba inangolira ngati chigayo. Yachiwiri inali ng'oma zokhazokha. Yachitatu inakhala ikulonjeza kuti iyamba, mpaka inatha isanayambe. Ba Kalumba anatsonya.

"Iyi ni nyimbo olo ni mvula pa malata?"

"Ni nyimbo. Ya mvula ili mu foda ina. Nifake mu foni?"

Apa mkuluyo anayamba ulaliki. Anati kale akatuluka m'chisakasa choonetsera vidiyo, khamu lonse limabwerera kwawo likuimba mluzu nyimbo imodzi, ndi zidakwa zomwe. Nyimbo zinali ndi malipenga, zinali ndi mutu ndi mchira. Za lerozi amazipeka anyamata osagona tulo, munthu umatuluka ndi litsipa basi. Analamula Chewe kuti aimbe mluzu imodzi mwa zitatu zija. Chewe, pokhala Chewe, anayesadi, ndipo panangotuluka mpweya ndi timalovu.

"Waona manje?" anatero Ba Kalumba mokhutira.

"Naona. Ndiye imbani imwe ya kudala. Foni iyi imvela mluzu, isakila yeka."

Ba Kalumba anakhosomola, nasongola milomo. Foni inazungulira n'kukana. Anayesanso, inakananso.

"Foni yako ni ya manje, ilibe ulemu."

"Poyamba munakwela pamwamba, manje mwaseluka pansi. Nyimbo ni iti pa ziwili?"

"Ni imozi!"

"Ndiye imozi mwaiphonya."

Wotchi ya pakhoma inati kwatsala mphindi makumi awiri, ndipo mantha anawagwira Ba Kalumba. Anadziona ataima pabwalo atadzola mafuta, atavala kakabudula kaja kosaposa mpango, holo yonse ikumva maondo awo akulira. Anatsinzina, naleka kulimbana nayo, nangotulutsa nyimbo imene inakhala ikuwazungulira m'mutu mwezi wonse.

Foni inathwanima. Chewe anadina, ndipo malipenga anadzaza kantemba. Msana wa Ba Kalumba unaongokadi, misozi inalengeza, mkono unapindika wokha.

"Ni yamene iyi," anatero motsitsa mawu. "Wamvela malipenga? Bamene banapanga iyi banafa kudala, banayenda na nzelu zao kumanda. Bana ba manje sibangakwanise."

Chewe anayandikiza foni kumaso n'kuwerenga mosathamanga.

"Yatuluka chaka chatha."

"Boza."

"Ni katuni ya bana. Ya kamwana kamene kauluka kavala napi."

 Ba Kalumba anakumbukira mdzukulu wawo Towela, amene m'mawa uliwonse amakhala pamphasa ndi phala lake, wailesi yakanema ikuliza makatuni mokweza, iwo akunyamula zitsulo panja. Manyazi anawagwira, koma wotchi sinawamvere chisoni, ndipo nyimbo ina analibe. Anayang'ana uku ndi uku, naweramira pawindo la kantemba.

"Faka yamene iyo. Koma zina ufute, pasapezeke munthu woziba."

"Zina nizafuta," anatero Chewe akudina kale. "Koma mau yake bana bonse ba mu Matero bayaziba, ndipo mailo ku mpikisano bana bangena osalipila."