Anandifunsa umboni woti Tadala ndi mwana wanga

Moni amayi, abambo ndi achinyamata a m'gulu lathu la mapemphero kuno ku Leicester, ndi inu a ku Nottingham amene mumawerenga nafe. Ndine mayi ake a Tadala, amene ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Abusa anandipempha kuti ndiime kutsogolo Lamulungu, koma kulankhula pagulu sindingathe, ndiye ndalemba. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene ndinakhala maola awiri osadziwa ngati andibwezera mwana wanga.

Achemwali anga aakulu, a Esinati, anatiitana ku San Diego ku America, kumene amagwira ntchito ya unesi. Bambo a Tadala sanapeze tchuthi ku nyumba yosamalira okalamba, choncho tinapita awiri, ine ndi mwana. Tadala ali ndi zaka zinayi. Anabadwira kuno, pasipoti yake ndi ya kuno, ndipo dzina ndi la bambo ake, Kalua. Yanga ndi ya kwathu, ndi dzina la bambo anga, Mbewe. Sindinaganizepo kuti limenelo ndi vuto.

Lachisanu lina achemwali anati, "Iwe, wakwera ndege ulendo wonsewu kudzatsuka mbale zanga? Tiye ku Mexico ukaone anthu." Mzinda wa Tijuana uli pafupi, mumakwera sitima ya m'tauni kenako n'kuwoloka malire wapansi. Tinagona masiku awiri pa hotelo yaing'ono. Kunena zoona, ndinasangalala. Ku Highfields, dera lathu kuno ku Leicester, ndimangokhala m'nyumba, koma kumeneko kunali dzuwa, phokoso la ogulitsa malonda, ndi fungo la chimanga chowotcha ngati pa depoti ya ku Ntcheu. Iwo amachithira ndimu ndi tsabola. Tadala anajambulitsa pambali pa bulu wopakidwa mizere kuti aoneke ngati mbidzi, ndipo anaseka mpaka kutsamwa.

Lamulungu m'mawa tinaima pamzere wobwerera. Mzerewo unali wautali, Tadala anatopa, achemwali anamunyamula. Titafika pa tebulo, wapolisi wa pamalire anayang'ana mapasipoti athu atatu, maina atatu osiyana, poti achemwali amadziwika ndi dzina la amuna awo. Anandifunsa kanthu mwachangu. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Chingerezi ndimamva munthu akamalankhula pang'onopang'ono, koma cha kumeneko chimathamanga. Ndinayang'ana pansi monga anatiphunzitsira makolo, n'kuyankha kuti inde. Kenako ndinazindikira kuti wandifunsa ngati mwanayo ndi wa munthu wina.

Wapolisi uja anawerama n'kufunsa Tadala kuti amayi ake ndi ati. Mwana wanga anagwira khosi la achemwali n'kunena m'Chingerezi kuti, "Awa ndi amayi." Kenako analoza ine, "Awanso ndi amayi."

Sananame. Ndine ndinamuphunzitsa kuti achemwali anga ndi amayi ake aakulu. Achemwali anayamba kufotokoza, koma anawauza kuti akhale chete, wofunsidwa ndine. Wapolisiyo anapempha chikalata cha kubadwa kwa mwana, kapena kalata ya bambo ake. Zonse zinali mu kabati ku Leicester.

Anatisiyanitsa. Achemwali ndi Tadala anapita nawo mbali ina, ine anandilowetsa m'chipinda cha mabenchi achitsulo, foni ananditengera. Pamene chitseko chinkatsekedwa ndinamva Tadala akuyamba kulira. Sindikuwada apolisi aja. Ndinamva pambuyo pake kuti alipo anthu amene amawolotsa ana a eni ake, ndiye iwo ankagwira ntchito yawo. Koma nthawi imeneyo mutu wanga unaima. Wapolisi anabwera kawiri kudzandifunsa tsiku limene mwana anabadwa, ndipo kachiwiri ndinasokoneza mwezi ndi tsiku. Ine amene ndinamubereka ndi mpeni! Ndinaona munthuyo akulemba, ndipo ndinadziwa kuti akulemba kuti ndikunama.

Ndinadziimba mlandu kwambiri. Ndinati ndikanakhala wophunzira, ndikanakhala wolimba mtima ngati akazi anzanga, mwana wanga sakanalira m'chipinda cha anthu osawadziwa. Pemphero lalitali silinabwere. Ndinangoti, "Ambuye, akufuna umboni. Inu munalipo tsiku limene anabadwa. Ndilibe mboni ina."

Patapita nthawi analowa wapolisi wina, mayi wachikulire, atanyamula foni ya pa tebulo. Anandifunsa pang'onopang'ono chilankhulo changa. Ndinati Chichewa. Anaimba, tinadikira, anaimbanso. Kenako m'fonimo munamveka mawu a mzimayi.

"Mwauka bwanji amayi? Ndine womasulira. Ndine wa ku Chipata, ndiye Chichewa chanu chozama cha ku Malawi muzikamba pang'onopang'ono, mungandigwetse."

Abale anga, ndinalira ngati mwana. Kumalire a Mexico, kutali ndi aliyense, munthu akundifunsa kuti ndadzuka bwanji.

"Awe, musalire," anatero. "Kambani chabe vonse. Ine ndizapereka monga mwakambira."

Ndinayamba kulankhula, ndipo mawu anabwera okha. Ndinanena tsiku, ola, ndi mvula imene inkagwa pamene tinkapita kuchipatala. Ndinanena za chipsera cha pa bondo lake lamanzere, chimene chinabwera atagwa pa masitepe a nyumba yathu. Ndinafotokoza kuti kwathu mchemwali wa mayi ako ndi mayi ako. Womasulira uja anapereka zonse, kenako anapempha chilolezo kwa wapolisi kuti awonjezere mawu akeake. Anawauza kuti kwathu kuyang'ana pansi ndi ulemu, si bodza. Kwa ine anati, "Manje amayi, kwezani mutu. Kuno ulemu ndi kuyang'ana m'maso."

Ndinakweza mutu. Zinali zolemera kuposa ndowa ya madzi, koma ndinakweza. Mayi wapolisiyo analibe nkhope yaukali, ankaoneka wotopa basi. Ndipo mtima utakhala pansi ndinakumbukira kuti polembetsa Tadala ku nazale ndinajambula chikalata chake cha kubadwa n'kutumiza pa foni. Anandibweretsera foni yanga. Ndinafufuza zithunzi za miyezi yambiri, mpaka ndinachipeza. Dzina la Tadala, dzina la bambo ake, ndi langa pansi pake, Mbewe.

Mayi wapolisiyo anatuluka nacho, anakafunsana ndi anzake, anakaonanso bondo la mwana. Ndinkafuna kufunsa dzina la mayi wa ku Chipata uja kuti ndimuthokoze bwino, koma foni inali itadulidwa kale. Sindikumudziwa, ndipo sindidzamuona. Mulungu akumudziwa.

Chitseko chitatsegulidwa Tadala anathamanga n'kundigwera pamimba, mamina ali mbwee. Anandimenya ndi kachibakera kake n'kunena kuti, "Munapita kuti? Ndinakuitanani." Achemwali anaima kumbuyo, maso ofiira. Anati, "Mwina asiye kunditchula amayi." Ndinakana. Cholakwa sichinali chimenecho.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu ochepa. Ndikuthokozanso bambo a Tadala, amene atamva nkhaniyi sanandikalipire, anangokhala pansi n'kugwira kumutu. Amayi anzanga amene maina anu ndi osiyana ndi a ana anu, musayende opanda chikalata cha kubadwa ndi kalata ya bambo ake. Ndipo inu amene Chingerezi chimakuthawani mukachita mantha, musachite manyazi kupempha womasulira. Ine ndinkaganiza kuti kupempha ndi kudziyalutsa, ndipo manyazi amenewo anatsala pang'ono kundisiyanitsa ndi mwana.

Ngati muli m'chipinda chanu chotsekedwa lero, kaya ndi matenda kaya ndi mapepala, musaleke kupemphera ngakhale mawu atakuthawani. Pamene ndikulemba izi Tadala wakhala pamiyendo panga, akundikoka dzanja kuti ndisiye foni ndikamupatse tiyi. Ndikupita. Ambuye akusungeni nonse ndi ana anu.